Nyenyezi Zosinthasintha Kuwala

M'mwezi wa May, pamene anthu a ku Chiwamba akolola chimanga, kumwera kuoneka madzulo kanyenyezi kambuu ngati kautsi. Dzina lake ndi Omega Centauri. Si nyenyezi imodzi ai, koma khamu la nyenyezi mamiliyoni, zounjikana monga njuchi pa nthambi.

Zina mwa izo ziwala kwambiri, nizizirala, niziwalanso, tsiku lisanathe. Solon Bailey anazijambula ku Arequipa, m'dziko la Peru, nalinganiza zithunzizo kadontho ndi kadontho. Inali nchito yotopetsa maso ndithu. Mu 1902 analemba nyenyezi zosintha 128 za m'khamumo.

Harlow Shapley anayesa kutalika kwa makamu otere ndi nyenyezi za mtundu umenewu, pakuti yooneka yozirala iri kutali. Mu 1918 anaonetsa kuti dzuwa siliri pakati pa Mlalang'amba, koma kumbali.