Land Rover ya 1966 yochokera ku Britain: eni ake akale apezeka bwanji?

FUNSO

Bambo wina wa ku Zomba, mphunzitsi wopuma pantchito, watilembera kalata ya masamba awiri. Chaka chatha adagula Land Rover yakale ya mtundu wa Series IIA kwa mnyamata amene adabwera nayo kuchokera ku Britain pobwerera kumudzi. Galimotoyo imayenda bwinobwino, phiri la Zomba imakwera mosanyinyirika. Chawasowetsa tulo ndi mbiri yake. Wogulitsa adawauza kuti idali ya dokotala wa ziweto wa ku Scotland, ndipo sidasinthepo manja mpaka tsiku lokwera sitima. Umboni wake palibe. Zimene ali nazo ndi blue book ya kuno, fotokope ya chikalata cha ku Britain chotchedwa V5C, ndi nambala yakale imene adaipeza m'kabokosi ka pansi pa mpando: zilembo zitatu, ziwiri zomalizira ndi EJ, kenako manambala, kumapeto kwake D. Akufunsa kuti munthu wokhala ku Zomba angadziwe bwanji amene adaiyendetsa zaka zonsezi, ndipo ayambire pati.

YANKHO

Mlangizi wathu wa za magalimoto akuti bambowa ayambe avala ovolosi, mapepala adikire kaye. Nambala ya pamsewu imasintha, utoto umasintha, injini imachotsedwa n'kuikapo ina. Chimene galimoto idabadwa nacho ndi nambala ya chasisi, ndipo ofesi iliyonse imene angailembere idzafunsa imeneyo poyamba.

Pa Series IIA nambalayi ili pawiri. Ili pa kachitsulo kokhomedwa mkati, pakhoma lolekanitsa injini ndi pokhala dalaivala. Ilinso pa chasisi penipeni, kutsogolo mbali ya kumanja, pamene sipuling'i imagwira. Apo m'pofunika kugona chagada ndi tochi, palafini pang'ono ndi bulashi ya waya. Matope ndi utoto zikachoka, apake choko n'kupukuta ndi chala. Chokocho chimatsalira m'mizere ndipo manambala amaonekera oyera. Makina opalira zitsulo asayandikire pamenepo, chifukwa akadya nambala imodzi yokha mbiri yonse yapita. Akatero ajambule ndi foni, ayerekeze ndi kachitsulo kaja, blue book ndi V5C.

Zikasiyana asathamangire kunena kuti galimoto ndi yakuba. Bodi ya Land Rover ndi ya aluminiyamu, koma chasisi ndi chachitsulo, ndipo mchere umene amathira m'misewu ya ku Britain nthawi ya chisanu umachidya dzimbiri. Eni ambiri kumeneko adasinthitsa chasisi. Komabe kusiyana kotere si kobisa m'thumba: apite nako ku Road Traffic ndi kupolisi asanawononge ndalama ina pa galimotoyo. Akaona kuti pamalo pa nambala padawotchereredwa kapena padapalidwa, ulendo umenewo ukhale wa mawa lomwe.

Nambalayo payokha imayankhula. Galimoto za nthawi imeneyo zilibe nambala ya zilembo 17 imene imapezeka pa magalimoto ambiri a masiku ano. Ya Series IIA ili ndi manambala 8 ndi chilembo kumapeto. Pa yaifupi ya petulo, 241 koyambirira amatanthauza kuti idapangidwira msika wa ku Britain komweko, 242 yotumiza kunja ya chiwongolero kumanja, 243 yotumizidwa m'zidutswa kuti ikalumikizidwe kwina. Ngati ya bambowa ikuyamba ndi 242, ndiye kuti nkhani ya dokotala uja yayamba kale kutsimphina.

Ndi nambala imeneyi alembere ku British Motor Museum, ku Gaydon m'chigawo cha Warwickshire. Kumeneko n'kumene kumasungidwa mabuku a fakitale ya ku Solihull, kumene Land Rover idayamba kupangidwa mu 1948, pamodzi ndi a Austin, Morris, MG ndi Triumph. Munthu akalipira amam'patsa chikalata chotchedwa Heritage Certificate, chonena tsiku limene galimoto idapangidwa, tsiku limene idatuluka m'fakitale, utoto wake woyamba ndi kumene idatumizidwa. Zonse zimatheka pa intaneti. Kawirikawiri dzina limene limapezekapo ndi la sitolo yogulitsa magalimoto, la wogula ayi, koma tauni ya sitoloyo ndi phazi loyamba la ulendo.

Tsono nambala ya pansi pa mpando ija. Mlangizi wathu akuti apa kalata ya bambowa yadziyankha yokha osadziwa. Mu 1963 Britain idayamba kuika chilembo cha chaka kumapeto: A ndi 1963, B 1964, C 1965, D 1966. Choncho D akugwirizana ndi Series IIA, imene idapangidwa kuyambira 1961 mpaka 1971. Koma zilembo ziwiri zomalizira m'gulu la zitatu lija zimasonyeza khonsolo imene idalembetsa galimoto, ndipo EJ ndi ya Cardiganshire, kumadzulo kwa Wales. Za ku Aberdeenshire ku Scotland zikadakhala ngati SA. Mwina dokotala uja adalipodi, koma ngati nambalayi ndi yakedi, galimotoyi idayambira moyo wake ku Wales, ndipo mawu akuti sidasinthepo manja ayenera kufunsidwanso bwino.

Apa m'pamene pafunika kuleza mtima. Kale makhonsolo ndiwo ankalembetsa magalimoto, aliyense ndi mabuku ake. M'zaka za m'ma 1970 ntchitoyi idasamukira ku Swansea, ku likulu limene lero limatchedwa DVLA, n'kulowa m'kompyuta. Mabuku akale ena adasungidwa, ena adatayidwa. A Cardiganshire awafunse ku Ceredigion Archives, mu tauni ya Aberystwyth. Palinso bungwe la Kithead Trust ku Droitwich, limene limasunga mabuku ena otere. Kalata yake ikhale yaifupi: nambala ya pamsewu, nambala ya chasisi, chaka, ndi chithunzi.

DVLA yokha asaidalire kwambiri. Kale munthu ankadzaza fomu ya V888 n'kulandira mayina a onse amene adasungapo galimoto yake, koma masiku ano malamulo oteteza chinsinsi cha anthu adatseka khomo limenelo kwa ofufuza mbiri chabe. Fotokope ya V5C ija ikadali ndi ntchito, chifukwa imasonyeza tsiku loyamba kulembetsa ndi chiwerengero cha amene adaisungapo. Pa galimoto yakale chiwerengerocho chimayambira pamene idalowa m'kompyuta, ndiye zaka zoyambirira sizioneka. Bambowa adziwenso kuti V5C imatchula wosunga galimoto, ndipo pachikalata pomwepo adalembapo kuti si umboni wa umwini. Chuma chenicheni ndi kabuku kakale kobiriwira kapena kotuwa, kamene kadalipo V5 isanabwere. M'menemo mayina ndi maadiresi ankalembedwa motsatana, ndi chidindo cha khonsolo pambali. Afunse mnyamata uja ngati adapatsidwa kabuku kotere. Ambiri amakaiwala m'sutikesi poganiza kuti kadatha ntchito.

Zaka zaposachedwa n'zosavuta. Pa tsamba la boma la gov.uk zotsatira za MOT, kuyeza kwa chaka ndi chaka kofanana ndi COF ya kuno, zimaoneka ulere kuyambira 2005, pamodzi ndi mamailosi a tsiku loyezalo. Kuyambira mu Meyi 2018 magalimoto ambiri opitirira zaka 40 sakakamizidwa kuyezedwa, choncho mpata wa zaka zomalizira usawadabwitse.

Mbali ya kuno isatsalire. Mapepala a sitima amatchula amene adatumiza galimoto ndi doko limene idatsikira, kaya Dar es Salaam, Beira kapena Durban. Mapepala a MRA amasonyeza amene adaiombola ndi tsiku lake. Ejenti amene adathandiza pa kasitomu nthawi zambiri amasunga makope. Amenewa, pamodzi ndi kalata yogulitsirana yosainidwa pamaso pa mboni, ndiwo adzateteze bambowa pamaso pa lamulo. Zonse za ku Wales zija n'zokometsa mbiri ndi kukweza mtengo.

Chotsala ndi anthu. Gulu la Land Rover Series 2 Club ku Britain lili ndi okonda galimotozi amene amazindikira nambala ngati mbusa azindikira ng'ombe zake, ndipo chithunzi cha Land Rover ya EJ itaima pansi pa mikungudza ya pa Zomba sichingadutse osachiyang'ana. Bambowa ajambulenso tinthu tating'ono: chomata cha galaja pagalasi, lisiti yakale m'thumba la chitseko, utoto wakale umene ukusuzumira pansi pa watsopano. Akapeza dzina la munthu wamoyo, alembe kalata imodzi yaulemu yokhala ndi chithunzi, ndipo dzinalo asaliike pa Facebook mwini wake asanavomere.