Muhasaba: Tiyeni Tiike Chaka Chathu Pa Sikelo



December akamatha, ma status amadzadza. Uyu wavala gauni, uyu wapeza ntchito ku Lilongwe, uyu wamanga nikah, winayo ali ku Joni akujambulitsa pambali pa galimoto. Masha Allah, Allah awaonjezere. Koma ndikudziwa kuti pali ena amene akuwerenga izi mtima uli pansi, akudzifunsa kuti, "Nanga ine chaka chonsechi ndapanga chani?" Funsoli ndi labwino, ndipo m'Chisilamu lili ndi dzina lake: muhasaba, kudziwerengera wekha. Pomwe pamavuta ndi pa sikelo imene tikugwiritsa ntchito.

Kwathu kuno ku Chitakale, nyengo ino ya mvula ndi imene tiyi amaphukira kwambiri. Wothyola tiyi sadikira kuti chaka chithe ndiye adziwe zomwe wagwira. Tsiku lililonse amapita ku sikelo, makilo ake n'kulembedwa. Ndipo si kulemera kokha ayi, masambawo amayang'anidwanso, poti ofunika ndi awiri anthete a kunsonga ndi kamphukira kake. Ntchito za Msilamu nazo zili choncho: pali kuchuluka kwake, palinso niya yake.

Ku madrassah tinaphunzira hadith ya m'buku la Imam Tirmidhi, momwe Mtumiki (SAW) anatchula zomwe munthu adzafunsidwe pa tsiku la Qiyamah: moyo wake, maphunziro ake, chuma chake ndi thupi lake. Pamndandandawu palibe ma like, palibenso zomwe mnzako wapeza. Ndiye ine ndinatenga kope, n'kupatula masamba anayi. Ndikugawireni momwe ndayendera mu 2025, mwina wina zimuthandiza.

Tsamba loyamba: ntchito ndi ndalama

Chigwetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, moyo wa mwana wa sukulu wathina. Zikathina chonchi, njira zachidule zimayamba kukoma: kubetcha pa mpira, katapila, kulembera anzako ma assignment kuti akulipire. Pa tsambali funso si lakuti wapeza zingati, koma ndalamayo inalowa bwanji ndipo inatuluka bwanji. Ine pa holide ndimathandiza azakhali kugulitsa zinanazi m'mbali mwa msewu wopita ku Muloza, masana n'kumaphunzitsa ana alif, baa, taa ku madrassah. Pa CV sizidzaoneka bwino kwenikweni, koma ndaphunzira kulemba zolowa ndi zotuluka, ndipo kwacha iliyonse ndingathe kuifotokoza komwe inachokera. Amene simunapeze ntchito, lembani makalata omwe munatumiza, luso lomwe munaphunzira, ndi haraam imene munaikana muli ndi njala. Imeneyonso ndi ntchito, ndipo inalembedwa.

Tsamba lachiwiri: kuwerenga

Ine ndi anzanga awiri tinagwirizana mu January kuti tiziwerenga hadith imodzi pa sabata kuchokera mu Arba'in ya Imam Nawawi. Dzina lake limatanthauza 40, koma muli ma hadith 42, ndiye masabata 42 anatikwanira, Alhamdulillah. Imam ameneyu anabadwa mu 1233 ku Nawa, m'dziko la Syria, n'kumwalira mu 1277 asanafike zaka 50. Ndi yemweyonso analemba Riyadhus Swalihin, yomwe imawerengedwa m'mizikiti mpaka lero. Zaka zake zinali zochepa, koma barakah yake tikuidya pano.

Tachitani masamu awa: Mus'haf ya ku Madina ili ndi masamba 604. Tsamba limodzi pambuyo pa Fajr, lina pambuyo pa Isha, mwamaliza Qur'an yonse m'masiku 302, chaka chisanathe. Tanthauzo lake likupezeka m'Chichewa ndi m'Chiyao momwe. Ndipo funso la pa Qiyamah silidzakhala la mabuku angati, koma zomwe unadziwazo unagwiritsa ntchito bwanji. Pansi pa buku lililonse, ngakhale la kusukulu, lembani chinthu chimodzi chomwe linasintha pa inu.

Tsamba lachitatu: maubale

Ili ndiye tsamba lolemera. Machimo a pakati pa iwe ndi Allah, tawbah imafufuta. Koma za mnzako zimafuna ukaonane ndi mwini wake. Lembani mayina. Makolo munawaimbira liti popanda kupempha ndalama? Agogo kumudzi munawaona liti? Ndani amene mwamubuloka miyezi yonseyi, chikhalirecho Mtumiki (SAW) analetsa kunyanyalitsana kupyola masiku atatu? Nanga ija K5,000 munabwereka pa Mpamba kapena Airtel Money, n'kunena kuti "ndibweza mawa"? Ayah yaitali kuposa zonse mu Qur'an, ya 282 mu Surah Al-Baqarah, ikukamba za kulemba ngongole. Ngongole si nkhani yamasewera.

Ndipo achimwene, ngati pali mlongo amene mwakhala mukucheza naye pa WhatsApp chaka chathunthu n'kumulonjeza nikah, koma kwawo sakukudziwani, imeneyonso ndi ngongole. Mwina pitani kwa makolo, apo ayi musiyeni mwana wa eni ake.

Ife a ku Mulanje ndi Phalombe sitifunika kuuzidwa kuti mawa si lathu. Namondwe wa Freddy mu March 2023 anatenga anthu amene anali ndi mapulani ngati athuwa, ena asanakhululukirane ndi abale awo.

Tsamba lachinayi: zolinga

"Chaka chino ndikhala Msilamu wabwino" si cholinga, ndi chikhumbo chabe. Cholinga chimawerengeka. Zanga ndi zitatu: Fajr pa jama'ah, masamba awiri a Qur'an tsiku lililonse, ndi kusunga kangachepe mwezi uliwonse kuti ndikamamaliza sukulu ndikhale ndi mpamba wa geni. Thupi nalo ndi amanah, choncho foni izigona pambuyo pa Isha kuti mwini wake adzuke pa Fajr. Ndipo kopeli ndizilitsegula Lachisanu lililonse ndikachoka ku Jumu'ah, osati kudikiranso December wina.

Ndinalemba izi m'mwezi wa Rajab 1447. Ramadhan inkayembekezeka cha pa 18 kapena 19 February 2026, malinga ndi kuoneka kwa mwezi. Kuchokera pa 1 January anali masabata pafupifupi asanu ndi awiri. Nthawi imeneyi ndi yokwanira kubweza ngongole, kupepesa amene tinawalakwira, ndi kulipira masiku a swaumu omwe anatsala.

Usiku uno musanagone, tengani kope, lembani tsamba lachitatu kaye. Dzina loyamba limene lingabwere m'mutu, muimbireni mawa.

Allah atikhululukire zomwe zapita, atiikire barakah pa masiku otsalawa, apereke riziki la halaal kwa onse ofuna ntchito, ndipo atifikitse mu Ramadhan tili amoyo ndi athanzi. Ameen.

Wassalamu alaikum warahmatullahi wabarakatuh.