Kodi mlandu wa makina anga unawola?

Azakhali,

Ndine mayi wa ana atatu, telala, ndimakhala ku Golomoti. Mu Januwale 2021 ndinalephera kulipira lendi ya mwezi umodzi, K15,000, chifukwa mwana anagonekedwa kuchipatala ku Mua. Nditabwerako ndinapeza mwininyumba wasintha loko, ziwiya ndi zofunda zili panja pamvula. Makina anga osokera anawatsekera m'nyumba, akuti ndi chikole. Patapita milungu iwiri ndinapita ndi ndalamazo koma anandikana, akuti nyumba alowetsamo kale wina ndipo makinawo alipira "zowonongeka". Ndinalibe mphamvu zolimbana nawo. Tsopano ndimasoka pa makina obwereka, ndipo ndikadutsa pakhomo pawo ndimaona mpongozi wawo akupalasa makina anga pakhonde. Amuna anga akuti ndiiwale, zinapita. Kodi ndingawasumire lero?

Wodandaula, Golomoti

Mwana wanga,

Mungathe kuwasumira, koma musakhalenso pansi. Kumudzi timati mlandu suwola, ndipo pabwalo la anyakwawa n'zoona: nkhani ya mbuzi ya agogo imadzuka adzukulu atamera imvi. Kukhoti la boma si choncho. Kuli lamulo lotchedwa Limitation Act, lomwe limaika malire a nthawi yokasuma. Mlandu wophwanya pangano, monga la lendi, kapena wolanda katundu wa mnzako, uyenera kufika kukhoti zisanathe zaka 6 kuchokera tsiku lomwe cholakwacho chinachitika. Wa kuvulazidwa m'thupi nthawi yake ndi yaifupi, zaka 3. Wolanditsa malo ndi zaka 12. Wanu ndi wa zaka 6. Mukawerenga kuchokera Januwale 2021, chitseko chikutsekeka mu Januwale 2027. Mukadzapita pambuyo pake, mwininyumbayo sadzavutika n'kukana kuti makina sanatenge. Adzangoti nthawi inadutsa, basi, mlandu wathera pomwepo.

Pa zomwe mwalembazi, iwo analakwa. Ngongole ya lendi munali nayo, inde, ndipo musadzaibise. Koma munthu wolipira pamwezi amayenera kuchenjezedwa nthawi ikadalipo, kawirikawiri mwezi wathunthu, ndipo akakana kutuluka mwininyumba amapita kukhoti. Sadzisandutsa yekha woweruza n'kutaya zofunda za ana pamvula. Za "zowonongeka" zija, anakuonetsani chomwe chinawonongeka? Anawerengetsa ndi ndani? Makina osokera sangalowe m'malo mwa K15,000, makamaka mwini ngongole atabwera nazo m'manja.

Chomwe chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi umboni. Zaka zimadya mboni. Mnansi amene anakuthandizani kutola mapoto tsiku lija mwina anasamukira ku Salima, mwina anatsikira kuli chete, mwina akuchita lendi kwa bambo yemweyo ndipo sangayerekeze kutsegula pakamwa. Yambani sabata ino kuwafufuza. Mufunika munthu amene anaona katundu ali panja, ndi wina amene analipo pomwe munapita ndi ndalama n'kubwezedwa. Wachiwiriyu ndi wofunika koposa. Kenaka makinawo: mungatsimikize bwanji kuti ndi anu? Lisiti yogulira ngati ilipo, isungeni ngati mwana. Ngati inatayika, amene anakugulitsani kapena amene ankakukonzerani angathe kuwazindikira. Telala aliyense amadziwa zipsera za makina ake, pomwe panawotcheredwa, pomwe utoto unasupuka. Zilembeni papepala musanawaonenso pafupi. Buku la kuchipatala la mwana lisonyeza masiku omwe munali ku Mua. Ngati lendi munkatumiza pa Airtel Money kapena Mpamba, funsani ngati mbiri ya malipirowo ingapezeke.

Ine ndikanakhala inu, ndikanayambira kwa amfumu. Dera lanu la Inkosi Kachindamoto lili ndi mabwalo oti nkhani yotere ingathe m'mawa umodzi, popanda kukwera Khwekhwerere kupita ku Dedza boma kangapo konse, ndalama ya thiransipoti n'kuposa ya lendi ija. Munthu wa nyumba za lendi pa tauni yaying'ono ngati Golomoti safuna dzina lake limveke pabwalo kuti amalanda makina a amayi. Manyazi okhawo angabweze katundu wanu. Akavomera kubweza kapena kulipira, musakhutire ndi "pepani" wapakamwa, pakuti pepani sapoletsa chilonda. Zilembedwe, tsiku lobweza litchulidwe, asayine iwo, inu, ndi mboni.

Koma gwirani ichi: kupita kwa amfumu sikuimitsa zaka 6 zija. Alipo anthu ochenjera amene amangoti "tikambirana mwezi wamawa, tikakolola" mpaka nthawi itawathera eni mlandu. Dziikireni malire, mwezi umodzi kapena iwiri. Zikakanika, pitani kwa kalaliki wa khoti la majisitireti mukafotokoze kuti mukufuna kutenga samani. Pamakhala kandalama kolipira. Simukakamizidwa kukhala ndi loya. Bungwe la boma la Legal Aid Bureau linakhazikitsidwa kuti lithandize anthu osakwanitsa kulipira loya, ndipo a CCJP a mpingo wa Katolika nawo amalangiza pa nkhani zotere. Kuparishi ku Mua angakulozereni njira. Kaonaneni nawo musanasume, akuwerengereni masiku bwinobwino.

Mukakafika kukhoti, mukadziwe chomwe mukupempha. Pemphani makinawo, kapena mtengo wogulira ena ofanana nawo lero. Ndikunena "lero" mwadala. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye mukatchula mtengo wa 2021 mudzapatsidwa ndalama yosagula ngakhale mutu wa makina. Tchulaninso katundu amene anawonongeka ndi mvula, ndi ndalama zomwe mwakhala mukulipira pa makina obwereka, ngati muli ndi pomwe munkalemba. Kuchuluka kwa chipepeso akagamula ndi akhoti. Yembekezeraninso kuti bamboyo adzatulutsa nkhani ya K15,000 yake. Muivomere, ichotsedwe pa zomwe mudzalandire.

Amuna anu musawaone ngati amantha. Akuopa udani, poti mumakumana ndi anthuwa kumsika, kumaliro, kuchigayo. Akhazikeni pansi muwawerengere ndalama zomwe zapita pa makina obwereka kuyambira 2021, ndipo muwapemphe akuperekezeni kwa amfumu. Mpongozi uja musamuyankhule kanthu pakhonde, ndipo musayese kukanyamula makinawo nokha, mungasanduke wakuba pa katundu wanu yemwe.

Azakhali