Chigayo cha Mahamala: Dziwani Zimene Zimazungulira M'kati Mwake

Uthengawu ndi wa inu amene mwagula chigayo kapena mukuganiza zogula, nokha kapena ngati gulu, komanso wa anyamata amene muziwasiyira kuti azichiyendetsa.

Chigayo chofala m'misika ndi m'midzi mwathu ndi cha mahamala. Sichipera chimanga ngati mphero ayi, chimachita kuchimenya. M'kati muli shafiti, pa shafitipo pali mbale zachitsulo, ndipo pa mbalezo pakolekedwa tizitsulo tafulati totchedwa mahamala. Shafiti ikayamba kuzungulira, mahamala amatambasuka n'kumamenya njere zili m'malere mpaka zitaphwanyika mokwanira kudutsa pa timabowo ta sefa. Sefa ya timabowo ting'onoting'ono imatulutsa ufa wosalala, koma imachedwa ndipo imadya dizilo kapena magetsi ambiri.

Liwiro

Zigayo zambiri zing'onozing'ono zimazungulira pafupifupi ka 3,000 pa mphindi, ndiye kuti ka 50 pa sekondi imodzi. Mbale ikazungulira kamodzi, mbali zake zonse zazungulira kamodzi, koma mbali yotalikirana ndi shafiti ndiyo yayenda mtunda wautali. Tinene kuti kuchokera pakati pa shafiti kufika kunsonga ya hamala pali masentimita 25. Nsongayo imayenda mamita 1.57 pa ulendo umodzi, ndipo pa sekondi imodzi yayenda mamita 78. Limeneli ndi liwiro loposa makilomita 280 pa ola. N'chifukwa chake nsonga ndi zimene zimayamba kutha, ndipo kamsomali kamodzi kobwera m'thumba la chimanga kamang'amba sefa. Chimanga chizipetedwa bwino chisanathiridwe, ndipo ngati n'kotheka ikani maginito pakamwa pa chigayo kuti izigwira tizitsulo.

Mota zambiri zoyendera magetsi a ESCOM zimazungulira pafupifupi ka 1,450 pa mphindi, kotero liwiro limakwezedwa ndi magudumu a lamba. Gudumu la ku mota likakhala la masentimita 30 m'mimba mwake, la ku chigayo la masentimita 15, chigayo chizungulira ka 2,900. Alipo amisiri ena amene angakuuzeni kuti muike gudumu laling'ono ku chigayo kuti ntchito izifulumira. Akaneni. Mukachotsa la masentimita 15 n'kuika la 12, liwiro lifika pa 3,625, lomwe lakwera ndi magawo 25 pa 100 okha. Koma mphamvu imene imakokera mahamala kunja imawerengedwa pochulukitsa liwiro ndi liwiro lomwelo, ndiye iyo yakwera ndi magawo 56 pa 100. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvuyo imawirikiza kanayi. Mapini ogwira mahamala sanapangidwire zimenezo.

Mahamala azilemera mofanana

Apa ndi pamene zigayo zambiri zimafera, ndipo eni ake amangoti anagula chitsulo chachabe. Mukamanga mwala pa chingwe n'kumauzunguza, mumamva ukukoka dzanja lanu. Hamala iliyonse imakoka shafiti chimodzimodzi. Mahamala oyang'anizana akamalemera mofanana, ina imakokera uku ina uko, mphamvuzo zimathana ndipo shafiti imayenda mwabata. Mbali imodzi ikalemerako, palibe chothetsa mphamvu yake.

Onani mmene zimakulira. Mbali imodzi ikaposa inzake ndi magalamu 10 okha, pa mtunda wa masentimita 20 kuchokera pakati, chigayo chikuzungulira ka 3,000 pa mphindi, shafiti imakokedwa ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa makilogalamu pafupifupi 20. Mphamvuyo siikhala mbali imodzi, imazungulira pamodzi ndi shafiti, kukokera kumwamba, kumbali, pansi, ka 50 pa sekondi, tsiku lonse. Mabeling'i amatentha, mabawuti amamasuka, simenti ya pansi imang'ambika, kenako shafiti imapindika.

Tsono hamala ikatha kona imodzi, tembenuzani onse nthawi imodzi kuti amenyere kona ina, ndipo iliyonse ibwerere pa malo ake. Ikathyoka imodzi, musaike yatsopano pakati pa akale, sinthani onse. Musanamange, ayezeni pa sikelo ya magalamu kuti gulu la mbali iyi lifanane ndi gulu loyang'anizana nalo. Zowotcherera chitsulo pa hamala yakutha zimaoneka ngati kupulumutsa ndalama, koma wowotcherera sangathe kuika chitsulo chofanana pa hamala iliyonse ndi maso okha, ndipo chowotchereracho chikasomphoka chithera mu ufa wa anthu. Chigayo chikayamba kunjenjemera kapena kulira mwachilendo, zimitsani nthawi yomweyo, ngakhale pakhale mzere wa amayi odikira panja.

Gudumu lolemera la pa injini

Kumene kulibe magetsi chigayo chimayendera injini ya dizilo, kawirikawiri ya silinda imodzi. Injini yotere imakankha kamodzi kokha pa maulendo awiri alionse a shafiti yake. Nthawi yotsalayo imakhala ikutulutsa utsi, kukoka mpweya ndi kuupanikiza, ndipo chimene chimaiyendetsa pamenepo ndi gudumu lolemera la pambali, lotchedwa flywheel. Limalandira mphamvu dizilo akaphulika, n'kumaibweza pang'onopang'ono mpaka kuphulika kwina. Injini zakale za Lister CS zopangidwa ku Dursley ku England zinali ndi magudumu otere awiri akuluakulu, chifukwa zina zinkazungulira ka 650 kokha pa mphindi, ndipo gudumu loyenda pang'onopang'ono limafunika kukula kuti lisunge mphamvu yokwanira.

Mukaliyang'ana muona kuti chitsulo chambiri chili m'mphepete, pakati n'popyapyala. Opanga anachita dala. Magudumu awiri olemera mofanana komanso aakulu mofanana, lina chitsulo chili m'mphepete mokhamokha, lina chafalikira ponse ngati mbale, la m'mphepetelo limasunga mphamvu yowirikiza kawiri pa liwiro limodzimodzi. Ophunzira sayansi amadziwa zimenezi ndi dzina lakuti moment of inertia, lomwe katswiri wa masamu Leonhard Euler analigwiritsa ntchito m'buku lake la mu 1765. Kwa woyendetsa chigayo, tanthauzo lake ndi lakuti chinthu chotere chimavuta kuchiyambitsa, ndipo chikayamba chimavuta kuchiimitsa.

Choncho lizani chigayo chilibe chimanga m'kati, mudikire liwiro likwane, ndiyeno muyambe kuthira pang'onopang'ono. Mukamva injini ikulemedwa, chepetsani. Chimanga chosauma bwino chimatseka sefa ndipo chimalemetsa injini.

Pozimitsa, lekani kuthira kaye kuti zotsala m'kati zituluke. Mukazimitsa, mahamala amapitirizabe kuzungulira kwa kanthawi ngakhale phokoso litachepa. Musatsegule chitseko chake kufikira mutaona ndi maso kuti gudumu la lamba laima, ndipo musayese kuliimitsa ndi dzanja, mtengo kapena chiguduli. Malamba akhale otchingidwa ndi waya wa sefa kapena lata. Wogwira ntchito asavale malaya olendewera, ndipo makasitomala, makamaka ovala zitenje ndi obereka ana, aziimira kutsogolo kumene kumatulukira ufa, osati kumbali ya malamba.