Kuwala kobisika mu rimoti ndi katochi kobiriwira

Kalata yoyamba pa pulogalamu ya sayansi madzulo ena inachokera ku Chipyela, pachilumba cha Likoma, kwa mnyamata wa Fomu 3. Iye anatulukira kuti akaloza rimoti ya TV pa kamera ya foni n'kudina batani, pafonipo pamaphethira kakuwala, pomwe maso saona kanthu. Ndiye anafunsa: ataika galasi lobiriwira kutsogolo kwa rimotiyo, longa la m'mawindo a tchalitchi cha St Peter's, kodi kuwalako kungaoneke?

"Ayi mwana wanga, sikungaoneke," anayankha aphunzitsi a fizikisi omwe amawerenga makalatawo. "Galasi la mtundu silipanga kuwala, limangosefa. Dzuwa likawomba pawindo la tchalitchi, galasilo limatsekereza mitundu inayo n'kulola wobiriwira wokha. Nanga mu rimoti muli wobiriwira woti udutse?"

Diso la munthu limaona kuwala kwa mafunde apakati pa mananomita 400 ndi 700. Rimoti zambiri zimatulutsa infrared ya 940, imene kamera imaigwira koma diso ayi.

Komatu njira yosandutsira infrared kukhala mtundu wooneka ilipo, ndipo ana ena amaseweretsa osadziwa. Katochi ka laser kobiriwira kaja nthawi zambiri sikayamba ndi kuwala kobiriwira. Mkati mwake muli kadayodi kotulutsa infrared ya 808. Iyi imamenya kamwala kokhala ndi neodymium, komwe kamatulutsa infrared ina ya 1064. Ikalowa m'kamwala kachiwiri kotchedwa KTP, tizigawo tiwiri ta kuwala timaphatikana kukhala kamodzi kamphamvu zowirikiza, fundelo n'kufupika ndi theka kufika 532. Wobiriwira uja ndi ameneyo. Luso limeneli analionetsa koyamba Peter Franken ndi anzake ku yunivesite ya Michigan mu 1961, powombetsa laser ya ruby pamwala wa quartz.

Ndi rimoti sizingatheke, chifukwa kuphatikanaku kumafuna kuwala kwamphamvu kwambiri ndi timiyala toyalidwa mosaphonya. Aphunzitsiwo anauza mnyamatayo kuti apitirize ndi kamera yake, ayese magalasi ndi mapulasitiki osiyanasiyana aone amene infrared imadutsa.

Kalata ya msodzi wa usipa wa ku Makulawe ndiyo inawasintha mawu. Bamboyo analemba kuti katochi kake kobiriwira ka laser kamazilala usiku panyanja mwera ukamawomba mu June, ndipo amasuzumira kukamwa kwake kuti aone ngati kafa.

"Bambo, chonde lekani lero lomwe!" anatero mosaseka. Kuzizira kumasokoneza dayodi ndi timiyala tija, wobiriwira n'kuchepa, koma infrared imatha kumatulukabe. Matochi otchipa ambiri alibe sefa yoitchinga. Choopsa n'chakuti diso siliphethira pa kuwala komwe silikukuona, choncho kumapsereza mkati mwakachetechete, ndipo chilonda cha pamenepo nthawi zambiri sichipola. Mu 2013 bungwe la NIST ku America linayeza matochi 122, ndipo pafupifupi 90 pa 100 alionse obiriwira analephera malamulo a chitetezo.

Malangizo kwa msodziyo anali achidule: katochiko akasunge m'thumba la malaya kuti kafunde, akayesere pakhoma osati padiso, ndipo asakaloze kwa mnzake m'bwato, kwa oyendetsa sitima ya Ilala, kapena kundege ikamatera pabwalo la Likoma.