Chihema Chimene Anachimanga Kuti Chizinyamulidwa

Phunziro la ulendo uno likutitengera m'chipululu cha Sinai, m'masiku a Mose. Amene muli ndi Baibulo tsegulani buku la Eksodo, mutu 25 mpaka 31, kenako mutu 35 mpaka 40. Tisanamizane, ambiri a ife mitu imeneyi timangoidumpha. Mwadzaza miyeso yokhayokha: mikono yakuti m'litali, mikono yakuti m'lifupi, ngowe, mphete, nsanamira, zikhomo. Ndiye zimene zalamulidwa m'mitu yoyambayo zikubwerezedwanso m'mitu yotsirizayo pofotokoza mmene anazipangira. Komabe taonani: nkhani ya kulengedwa kwa dziko inakwana m'mitu iwiri ya Genesis, pamene tenti imodzi yatenga mitu 13. Nkhani yopatsidwa malo otere m'Malemba singakhale ya akalipentala ndi osoka nsalu okha.

Tenti imeneyi ndi chihema chopatulika chimene Aisraeli anamanga atatuluka mu Igupto. Mabaibulo ena a Chichewa amachitcha chihema chokomanako, ena chihema cha msonkhano. Dzina lake lina pa Chihebri ndi mishkan, kutanthauza mokhalamo. Cholinga chake chili pa Eksodo 25:8, ndipo vesilo muliwerenge mofatsa. Silikunena kuti Mulungu adzakhala m'tentimo, likunena kuti adzakhala pakati pa anthuwo. Ife a Bahá'í timavomereza kuti Mose ndi Mthenga wa Mulungu, choncho n'koyenera kufunsa kuti kamangidwe kameneka kankaphunzitsa chiyani anthu amene anali atangochoka kumene mu ukapolo.

Tiyambire kummawa, chifukwa chipata chinali kumeneko, ndipo chinali chimodzi chokha. Mpanda unali wa nsalu za bafuta, mikono 100 m'litali ndi 50 m'lifupi. Mkono ndi kuchokera pachigongono kufika kunsonga ya chala, masentimita pafupifupi 45, ndiye kuti bwalo lonse linali mamita ngati 45 kwa 22, losafika ngakhale gawo limodzi mwa magawo anayi a bwalo la mpira. Chihema chenichenicho chinali mamita 13 ndi theka m'litali, m'lifupi ngati anayi ndi theka. Nyumba zambiri zopemphereramo za m'midzi mwathu n'zazikulu kuposa apa.

Munthu akangolowa pachipata ankakumana ndi guwa la nsembe lokutidwa ndi mkuwa. Kuyandikira kwa Mulungu kunkayamba ndi kusiya kanthu kena kako. Kupitirira guwalo kunali beseni mmene ansembe ankasambamo m'manja ndi m'mapazi asanalowe m'chihema. Eksodo 38:8 ikuti mkuwa wa beseni limeneli unachokera ku akalilole a amayi amene ankatumikira pakhomo. Kalelo kalilole sanali wagalasi, unali mkuwa wopukutidwa mpaka kunyezimira. Chodzionera nkhope chinasanduka chosambiramo. Ine pamenepa ndimaima kaye, chifukwa tonse timadziwa anthu, mwinanso ndife amene, odziwa bwino zofooka zawo ndi kuzifotokoza mokoma, koma osafika posamba.

Chihemacho chinali ndi zofunda zinayi. Ya m'kati inali ya bafuta wosalala, yokhala ndi ulusi wabuluu, wapepo ndi wofiira, ndiponso zithunzi za akerubi. Pamwamba pake panali nsalu ya ubweya wa mbuzi, kenako zikopa za nkhosa zamphongo zonyika m'utoto wofiira, ndipo kunja kwenikweni zikopa zina zolimba zopirira dzuwa ndi fumbi. Akuluakulu amati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Chihema chinali mosemphana ndi mkuyu: wodutsa patali ankangoona zikopa, kukongola konse kunali m'kati.

M'chipinda choyamba, Malo Opatulika, munkalowa ansembe okha. Kumwera kunali choikapo nyale cha golide wosula, cha nyale 7, chopangidwa ngati mtengo wa nthambi ndi maluwa a amondi. Mafuta ake a azitona ankabwera nawo ndi anthu wamba, amene kuwala kwake sankakuona n'komwe. Kumpoto kunali tebulo la mikate 12, umodzi pa fuko lililonse, yosinthidwa Sabata ndi Sabata. Pafupi ndi nsalu yotchinga panali guwa laling'ono lofukizirapo lubani m'mawa ndi madzulo. Zitsulo nazo zinkasintha munthu akamalowa m'kati: mkuwa pabwalo, siliva kumatsinde a chihema, golide m'zipinda.

Siliva ameneyu tikhale naye pang'ono. Zomangira zambiri zinali zopereka zaufulu. Wina anabweretsa golide, wina matabwa a kasiya, amayi anapota ulusi ndi ubweya wa mbuzi, ndipo ntchitoyo anaitsogolera Bezaleli wa fuko la Yuda ndi Oholiabu wa fuko la Dani. Zinthu zinachuluka mpaka amisiri anakadandaula kwa Mose, iye n'kulengeza kuti anthu aleke kubweretsa. Koma siliva wa matsinde anabwera mwa njira ina. Mwamuna aliyense wa zaka 20 kupita m'tsogolo anapereka theka la sekeli, wolemera osawonjezera, wosauka osachepetsa. Eksodo 38 ikuwerenga amuna 603,550, ndipo ndi siliva wawoyo anaumba matsinde 100, lililonse lolemera talente imodzi, makilogalamu oposa 30. M'matsinde amenewa ndi mmene matabwa 48 a chihema ndi nsanamira zinayi za nsalu yotchinga zinkaimamo. Mwini chuma akanatha kukometsa makoma ndi golide wake wambiri, koma pamaziko panalibe amene akanaloza n'kunena kuti tsinde ili ndi langa.

Tsopano kuseri kwa nsalu yotchinga, ku Malo Opatulikitsa. Munalibe nyale, munalibe zenera. Mkulu wa ansembe ankalowamo tsiku limodzi pachaka, pa Tsiku la Chitetezo. Munali likasa lokha, bokosi la mtengo wa kasiya lokutidwa ndi golide kunja ndi m'kati, lotalika mikono iwiri ndi theka, kungoposa mita imodzi. M'bokosimo munali miyala iwiri yolembedwa mawu a Chipangano. Pachivundikiro panali akerubi awiri agolide oyang'anizana, atatambasula mapiko. Nanga pakati pa akerubiwo panali chiyani? Panalibe kanthu. Mitundu yowazungulira, kuphatikizapo Aigupto amene anali atangosiyana nawo, inkaika fano la mulungu wake m'chipinda cham'katikati mwa kachisi. Apa malo amenewo anawasiya opanda chooneka, ndipo Numeri 7:89 ikufotokoza kuti Mose ankamva Liwu likulankhula naye kuchokera pamenepo.

Kuti timvetse kulemera kwa malo opanda kanthuwa, tione zimene zili pakati pa mitu ya malamulo ija ndi mitu ya kumanga. Pa mutu 32 pali mwana wa ng'ombe wagolide. Mose atachedwa kuphiri, anthu anavula ndolo zawo, Aroni n'kuwapangira mulungu woti azimuona ndi maso. Pa mutu 35 anthu omwewo akubweretsanso ndolo ndi mphete, tsopano za chihema. Golide ndi yemweyo, manja ndi omwewo. Kusiyana kwake n'kwakuti ng'ombe ija inadzaza malo a Mulungu ndi chinthu chopanga anthu, pamene chihema chinazungulira malowo ndi ulemu n'kuwasiya a Mwini wake. Bahá'u'lláh amaphunzitsa kuti umunthu weniweni wa Mulungu sungadziwike ndi cholengedwa chilichonse, ndipo kuti timamudziwa kudzera mwa Amithenga Ake ndi Mawu amene amabwera nawo. N'chifukwa chake m'Nyumba Zopembedzeramo za Bahá'í, monga ya ku Kampala imene inatsegulidwa mu 1961, mulibe mafano kapena gome lolalikirapo. Mumawerengedwa Mawu a Mulungu basi.

Koma mfundo imene ndikufuna tiisinkhesinkhe kwambiri ili pa kanthu kakang'ono. Likasa linali ndi mphete zinayi zagolide, ndipo m'mphetemo ankalowetsamo mphiko ziwiri zonyamulira. Eksodo 25:15 ikulamula kuti mphikozo zisachotsedwe. Ngakhale msasa utakhala pamalo amodzi chaka chathunthu, chinthu chopatulika koposa mu Israeli chinkakhala chokonzeka kunyamuka. Ndipo mukayang'ananso chihema chonse ndi diso limeneli, muona kuti palibe chimene anachimanga ndi dothi kapena mwala. Matabwa ankangolowa m'matsinde, nsalu zinkalumikizidwa ndi ngowe, tebulo ndi maguwa onse awiri anali ndi mphete zawo ndi mphiko zawo.

Ntchito yosamutsa inagawidwa kwa mabanja atatu a Alevi. Ana a Gerisoni, onyamula nsalu ndi zofunda, anapatsidwa ngolo ziwiri ndi ng'ombe zinayi. Ana a Merari, onyamula matabwa, nsanamira ndi matsinde olemera aja, anapatsidwa ngolo zinayi ndi ng'ombe 8. Ana a Kohati sanapatsidwe ngolo ngakhale imodzi, chifukwa likasa ndi ziwiya zopatulika zinkayenera kuyenda pamapewa a anthu. Ndipo sankaloledwa kuziona. Aroni ndi ana ake ankayamba atsitsa nsalu yotchinga ija n'kufunditsa nayo likasa, kenako zikopa, kenako nsalu yabuluu, ndiye onyamulawo n'kubwera.

Tsiku lonyamuka silinkasankhidwa ndi Mose kapena akuluakulu. Pamwamba pa chihema pankakhala mtambo, usiku n'kumaoneka ngati moto. Ukakhazikika, anthu ankakhala, kaya ndi masiku awiri, kaya mwezi, kaya kupitirira. Ukanyamuka, ankazula zikhomo. Chihema chinaimikidwa koyamba pa tsiku loyamba la mwezi woyamba m'chaka chachiwiri chichokereni ku Igupto, ndipo Numeri 10:11 ikuti mtambo unanyamuka pa tsiku la 20 la mwezi wachiwiri. Patangotha masabata 7 okha, amisiri anaona ntchito yawo yokongola ikumasulidwa n'kupakiridwa pangolo. Sindikukhulupirira kuti onse anasangalala.

'Abdu'l-Bahá anatithandiza kumvetsa zimenezi. M'buku la Some Answered Questions, limene linatuluka koyamba mu 1908, pomasulira mutu 11 wa Chivumbulutso, analankhula za kachisi, amene mamangidwe ake anatengera chihema. Anafotokoza kuti chipembedzo cha Mulungu chili ndi mbali ziwiri. Yoyamba anaifanizira ndi Malo Opatulikitsa: chikhulupiriro, chilungamo, kukhulupirika, chifundo, kukonda Mulungu. Imeneyi sisintha, ndi yomweyo kwa Abrahamu, Mose, Khristu, Muhammad, Báb ndi Bahá'u'lláh, ndipo Mthenga aliyense amangoitsitsimutsa. Yachiwiri ndi ya kunja: kasalidwe ka chakudya, kapempheredwe, malamulo a ukwati, a malonda ndi a zilango. Imeneyi imasintha malinga ndi zosowa za m'badwo. Tikabwerera ku chihema, titha kunena kuti Chipangano chimene chili m'likasa ndi chimodzi, koma pomanga msasa pamasinthasintha.

Vuto limabwera anthu akakonda pamsasa kuposa Amene akuwatsogolera. Bahá'u'lláh, mu Kitáb-i-Íqán, akukumbutsa za tsiku limene Muhammad anasintha koyang'ana popemphera, kuchoka ku Yerusalemu kupita ku Mecca, ndi mmene ena mwa omutsatira anakhumudwira mpaka kubwerera m'mbuyo. Mulungu sanasinthe tsiku limenelo, koma mitima inayesedwa. Aisraeli nawonso anagwa mumsampha wofanana nawo. Atalowa mu Kanani chihema chinakhazikika ku Silo, ndipo m'masiku a wansembe Eli, nkhondo ndi Afilisti itawavuta, anakatenga likasa n'kupita nalo kunkhondo ngati chithumwa. Palibe mtambo umene unanyamuka, anangolinyamula mwa nzeru zawo. Anagonja, likasalo n'kulandidwa. Nkhaniyi ili pa 1 Samueli 4. Pambuyo pake Davide atafuna kumangira Mulungu nyumba ya mikungudza, yankho lobwera kudzera mwa mneneri Natani linamukumbutsa kuti kuyambira pa kutuluka mu Igupto Mulungu anakhala akuyenda ndi anthu Ake m'tenti, ndipo sanapemphepo nyumba.

Tisathamangire kuloza ena chala, ngati kuti phunziroli ndi la zipembedzo zakale zokha. Bahá'u'lláh analemba mu Kitáb-i-Aqdas kuti Mthenga wina sadzabwera zisanathe zaka 1,000, kutanthauza kuti Iye mwini sanatseke khomo. Mphiko zikadali m'mphete. Ndipo ngakhale m'zing'onozing'ono za gulu ngati lathuli, pali zikhomo zimene tinazikhomera kwambiri: nyumba imene tinazolowera kukumanamo, munthu amene nthawi zonse ndiye amatsogolera, chilankhulo chimene timawerengera ngakhale alendo athu sakuchimva bwino.

Musanatseke ndi pemphero, werengani pamodzi Numeri 9:15-23, kenako kambiranani. Ana a Kohati ankasenza pamapewa katundu wofundidwa amene sanamuonepo ndi maso. Ndi utumiki uti m'dera lanu umene ukufanana ndi umenewu, ndipo akuuchita ndani? Komanso aliyense atchule chinthu chimodzi chimene gulu lino limachita, ndipo gulu ligwirizane: kodi chimenecho ndi cha m'likasa, kapena ndi cha pangolo?