Makalata a omvera: chikanga cha mwana ku Germiston

Mayi a ku Germiston, kalata yanu yafika. Mwati mwana akumadzikanda usiku kuseri kwa mawondo mpaka magazi, ndipo mukukayikira tizilombo ta m'fumbi. N'zotheka ndithu. Timeneti sitioneka ndi maso, timakhala m'matiresi ndi m'mabulangete n'kumadya timakhungu tothothoka m'thupi mwathu, ndipo choyabwitsacho ndi ndowe zake. Komatu timakonda chinyezi ngati cha ku Durban. Kwanuko mu June ndi July mpweya umauma gwa, chikanga n'kumabuka chokha. Ndiye musathamangire kutaya matiresi, mayi. Zofunda muzichapa sabata iliyonse ndi madzi otentha madigiri 60, ndipo mwanayo akangosamba muzimudzoza mafuta opanda fungo khungu lisanaume. Zikapitirira, yambirani kukiliniki, akakutumizani ku chipatala cha Bertha Gxowa mukafunse zoti amuyeze ngati ndi tizilombotodi.